Kagalu Kovulala Pakhomo la Kalasi: Kuphunzitsa za Nyama m'Chinenero cha Mwana

Zolinga za phunziroli

Pomaliza phunziroli, inu amene mukuphunzira ntchito ya uphunzitsi muthe:

- kufotokoza chifukwa chake nkhani zokhudza moyo wa mwana ziyenera kuyamba kukambidwa m'chinenero chimene mwanayo anayamwira;
- kusiyanitsa nyama imene mwana angathe kuithandiza ndi imene ayenera kuitalikira;
- kutchula zoyenera kuchita mwana akalumidwa kapena kukandidwa ndi nyama;
- kukonza phunziro la mphindi 45 lochokera pa zimene ana akumana nazo panjira.

1. Zimene tinaona pa sukulu ina

Chaka china, m'nyengo yozizira ya mwezi wa Juni, tinapita kukayendera ophunzira athu amene ankayeserera kuphunzitsa pa sukulu ina ya m'boma la Angónia. Tinakhala kumbuyo kwa kalasi yachiwiri, ndipo phunziro la m'mawawo linali la kulankhula Chipwitikizi. Phunziro lili mkati, pakhomo panafika anyamata atatu, mmodzi atafungatira kanthu m'juzi lake. Kanali kagalu ka miyezi iwiri kapena itatu, mwendo wakumbuyo ukulendewera. Anakatola m'ngalande m'mbali mwa msewu, ndipo zinkaoneka kuti kanagundidwa ndi njinga yamoto.

Kalasi yonse inaimirira. Mphunzitsi wathu wachinyamatayo, podziwa kuti tikumuyang'ana, anaona ngati phunziro limene anakonza usiku wonse lamwazika. Analamula kuti kagaluko katulutsidwe, kenako anafunsa m'Chipwitikizi kuti: "O cão mordeu alguém?" Ana onse anayankhira pamodzi kuti "Não!" monga mmene amayankhira mafunso ambiri a mtundu umenewo. Phunziro linapitirira mpaka kumapeto.

Pa nthawi yopuma, mwini kalasiyo, mayi wachikulire amene waphunzitsa zaka zambiri, anaitana anyamata aja nakhala nawo padzuwa kuseri kwa kalasi. Sanawadzudzule. Anangoti: "Ana inu, tandisimbirani, munakapeza bwanji kagaluka?" Wa juzi uja anayamba: "Aphunzitsi, kanali gone m'ngalande, kakunjenjemera. Nditati ndikanyamule, kanandigwira pachala, koma pang'ono chabe." Mayiyo anafunsa: "Kanakugwira ndi chiyani, mwanawe?" Mwanayo anati: "Ndi mano, aphunzitsi." Atatambasula dzanja, pachala panali timabala tiwiri tofiira.

Mwanayo sananame m'kalasi muja. Kwa iye kuluma n'kwa chigalu cholusa chimene chimathamangitsa munthu. Kagalu kamantha kamangogwira. Ndiponso funso la m'chinenero chimene sanachizolowere silinamupatse mpata wofotokoza. Chala chinatsukidwa ndi sopo pa mjigo, amayi ake anaitanidwa kumunda, ndipo tsiku lomwelo mwanayo anapita kuchipatala kumene anamuyamba katemera. Kagaluko kanamangidwa kunyumba kwa mkulu wa sukulu, mlangizi wa ziweto anadzakaona, ndipo patapita masiku 10 kanali kakudyabe bwino. Kanalibe chiwewe. Koma m'mawa uja panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene akanatha kudziwa zimenezo.

Sitikusimba nkhaniyi kuti tichititse manyazi mnzanu ameneyu. Ifenso tinali m'kalasi momwemo, tinamva yankho la ana, ndipo tinakhutira nalo.

2. Chifukwa chake tiyambira m'chinenero cha mwana

Maphunziro a zinenero ziwiri m'dziko lathu sanabwere mwangozi. Kuyambira 1993 mpaka 1997 panachitika ntchito yoyeserera yotchedwa PEBIMO, imene inagwiritsa ntchito Chinyanja m'chigawo cha Tete ndi Xichangana m'chigawo cha Gaza. Gawo 9 la malamulo aakulu a dziko a 2004 limanena kuti boma limalemekeza zinenero za dziko lino monga chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro, ndipo Lamulo 18/2018 lokhudza maphunziro a dziko lonse limavomereza njira ya zinenero ziwiri. Pa njirayi mwana amayamba kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera m'chinenero chake, akuphunziranso kulankhula Chipwitikizi, chimene chimatenga malo aakulu pang'onopang'ono m'makalasi apamwamba.

Kawirikawiri timateteza njirayi ponena za kukhoza kuwerenga ndi mayeso. Nkhani ya kagalu ija ikutionetsa mbali ina. Mwana amene sangathe kufotokoza zimene zamuchitikira amakhala pangozi ngakhale ali pamaso pa mphunzitsi. Amaopa, amamva chisoni ndiponso amasimba m'chinenero cha kwawo. Choncho nkhani za nyama, zimene zimakhudza mtima wa mwana ndi thupi lake lomwe, n'zoyenera kuziyambira m'Chinyanja, ndipo Chipwitikizi chibwere pambuyo kudzamanga pa maziko amene alipo kale.

3. Zimene mphunzitsi ayenera kudziwa za chiwewe

Tisanauze ana kuti achitire chifundo nyama, tiyenera kudziwa ngozi imene chifundocho chingawagwetsemo. Chiwewe ndi matenda oyambitsidwa ndi kachilombo kamene kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kamalowa m'thupi pa bala la kulumidwa, la kukandidwa, kapena nyamayo ikanyambita pachilonda, m'maso kapena m'kamwa. Kamayenda m'mitsempha kulowera ku ubongo. Nthawi zambiri zizindikiro zimaoneka pakapita miyezi iwiri kapena itatu, bala litapola kale ndipo anthu ataiwala; koma zingaoneke pakangopita mlungu umodzi, kapena kuchedwa mpaka chaka. Zizindikiro zikangoyamba, pafupifupi aliyense amamwalira. Katemera woperekedwa msanga, zizindikiro zisanayambe, amapulumutsa.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limayerekeza kuti chaka chilichonse chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000, ambiri mwa iwo a mu Africa ndi Asia. Pafupifupi 99 mwa 100 alionse amatenga matendawa kwa agalu, ndipo 4 mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti zili ndi chiwewe amakhala ana osakwana zaka 15. Ameneŵa ndi ana a m'makalasi athu.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa. Si galu aliyense wachiwewe amene amalusa ndi kuluma chilichonse. Wina amafooka miyendo yakumbuyo, nsagwada imalendewera, dovu limachucha, ndipo amaoneka ngati wagundidwa kapena fupa lamutsamwitsa. Munthu wachifundo amapisa dzanja m'kamwa mwake kuti achotse fupalo. Choncho galu wooneka wovulala amene sitikudziwa chimene chamuchitikira tizimuyesa woopsa, ngakhale akhale kamwana. Chimodzimodzinso nkhandwe yolowa m'mudzi masana yopanda mantha, kapena mleme wogwa pansi.

Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, mphunzitsi achite izi:

1. Atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15. Ngati palibe mpopi kapena mjigo, wina azithira madzi ndi kapu. Mphindi 15 n'zambiri kuposa mmene timaganizira, choncho muziyang'ana nthawi.
2. Asathirepo tsabola, mchere, phulusa, mankhwala a zitsamba kapena ubweya wa galuyo, ndipo asamange balalo mothina.
3. Adziwitse makolo ndi mkulu wa sukulu, ndipo mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Katemera wa chiwewe amabayidwa kangapo pa masiku osiyana. Mphunzitsi azifunsa ngati mwanayo wamaliza.
4. Adziwitse alangizi a ziweto a ku SDAE. Galu kapena mphaka akhoza kumangidwa ndi kuyang'aniridwa masiku 10, koma mwana asadikire masiku amenewo kuti apite kuchipatala.

Njira yothetsera matendawa m'mudzi ndiyo kubayitsa agalu. Agalu 7 mwa 10 alionse akalandira katemera, chiwewe chimaleka kufalikira. Tsiku la 28 Seputembala ndi lokumbukira za chiwewe pa dziko lonse, chifukwa ndilo tsiku limene Louis Pasteur anamwalira mu 1895. Iyeyu ndi amene mu 1885 anapulumutsa ndi katemera mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wachiwewe. Ana amakonda kumva kuti woyamba kupulumutsidwa anali mwana wa msinkhu wawo.

4. Nyama zina zimene ana amakumana nazo

Lamulo limene timaphunzitsa ana ndi lalifupi: ima, yang'ana, itana wamkulu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha komweko n'kumene kumateteza mwana ndi nyama yomwe.

*Galu kapena mphaka wovulala.* Mwana asamunyamule. Akhoza kumuikira madzi chapatali, kuletsa anzake kumugenda, ndi kufunsa m'mudzi kuti mwini wake ndani. Wamkulu ndiye amufunditse thumba kapena nsalu yokhuthala, amuike pamthunzi, ndi kuitana mlangizi wa ziweto. Nyama imene ikumva ululu imaluma ngakhale mbuye wake.

*Kamwana ka mbalame.* Ngati kali ndi nthenga ndipo kakudumphadumpha, kawirikawiri makolo ake ali pafupi ndipo akukadyetsabe. Tikasiye, tingothamangitsa amphaka. Ngati kalibe nthenga, wamkulu akabwezere m'chisa. Si zoona kuti mbalame imakana mwana wake chifukwa cha fungo la dzanja la munthu. Mbalame yothyoka phiko tiike m'katoni yobooledwa, pamalo amdima ndi opanda phokoso, osaithira madzi m'kamwa chifukwa ingatsamwe. Wogwira mbalame asambe m'manja ndi sopo.

*Kamba.* Akapezeka pamsewu, tingomudutsitsa kumbali imene amalowera. Safunika kupita naye kunyumba.

*Njoka.* Mphiri imagona phee panjira osathawa, n'chifukwa chake ambiri amaiponda madzulo. Mwana abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono, asaitokose ndi mtengo. Wolumidwa asachekedwe, asayamwidwe pabala, asamangidwe chingwe chothina. Akhale osagwedeza chiwalocho ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala. Njoka ikamulavulira m'maso, atsuke ndi madzi ambiri nthawi yomweyo.

*Ngaka.* Nyama ya mamba imeneyi ikaopsezedwa imadzipinda ngati mpira, choncho n'kosavuta kuitola. Ndi yotetezedwa ndi malamulo a dziko lathu, ndipo kuyambira 2017 malonda ake pakati pa mayiko ndi oletsedwa kotheratu. Kuisunga kapena kuigulitsa ndi mlandu wotengera munthu kundende. Woipeza adziwitse amfumu ndi akuluakulu a boma oona za nyama zakutchire. Ku Gorongosa, m'chigawo cha Sofala, kuli malo osamalira ngaka zolandidwa kwa ozembetsa mpaka zitabwezedwa kutchire.

5. Chuma cha chinenero chimene chili m'nkhani zimenezi

Mwana akamasimba za nyama imene anakumana nayo, amatulutsa yekha zinthu zimene tikanavutika kuziphunzitsa pa bolodi. Tiyeni tione zinayi.

Choyamba ndi aphatikiri osonyeza kukula ndi kuchepa. Mwana akanena kuti *kagalu*, sakungonena za msinkhu, akusonyezanso chisoni. Akanena kuti *chigalu*, akusonyeza mantha kapena kunyansidwa. Lembani pa bolodi *galu, kagalu, chigalu. Mbalame, kambalame, chimbalame*, ndipo funsani ana kuti ndi chiti chimene angafune kunyamula. Apa ndi pamene mungawauze kuti kagalu ndi chigalu onse ali ndi mano ndi malovu. M'kalasi yachitatu mukhoza kuyerekeza ndi *cão* ndi *cãozinho*, kuti aone kuti Chinyanja chimasintha kumayambiriro kwa dzina pamene Chipwitikizi chimasintha kumapeto.

Chachiwiri ndi mgwirizano wa dzina ndi mneni: *galu wavulala, agalu avulala, kagalu kavulala, tiagalu tavulala, mbalame yavulala, mbalame zavulala.* Ana amalankhula zimenezi molondola asanabwere kusukulu. Ntchito yathu ndi kuwathandiza kuona pa pepala zimene pakamwa pawo pakudziwa kale.

Chachitatu ndi mvekero: *njoka balamanthu panjira, kagalu gone m'ngalande, thupi njenjenje, maso psuu.* Musawachotse mawu otere m'nkhani za ana poganiza kuti si a kusukulu. Ndiwo amene amasunga zimene mwana anaonadi, ndipo mlangizi wa ziweto angadziwe zambiri kuchokera pa mawu akuti *maso psuu* ndi *dovu chuchuchu*.

Chachinayi ndi mawu amene amasocheretsa powoloka kupita ku Chipwitikizi. Liwu lakuti *raiva* limatanthauza mkwiyo, limatanthauzanso chiwewe. Mwana akamva kuti *o cão tem raiva* angaganize kuti galuyo wangokwiya ndipo mawa mtima ukhala pansi. M'Chinyanja mawu awiriwa sasokonezeka. Phunzitsani *chiwewe* poyamba mpaka ana atamvetsa, kenako muwauze kuti Chipwitikizi chili ndi liwu limodzi pa zinthu ziwirizi. Chitaninso chimodzimodzi ndi *kuluma, kugwira ndi mano, kukanda* ndi *kunyambita*, kuti ana adziwe kuti zonsezi ziyenera kunenedwa kwa wamkulu.

6. Chitsanzo cha phunziro la mphindi 45, kalasi yachiwiri

*Mphindi 5.* Funsani kuti: "Ndani anakumanapo ndi nyama mwadzidzidzi pobwera kusukulu?" Pewani mafunso ofuna *inde* kapena *ayi*, chifukwa ana amayankha mwa chizolowezi.

*Mphindi 10.* Ana asimbirane awiriawiri, kenako atatu asimbire kalasi. Musawadule mawu, ndipo musadzudzule amene anagenda nyama kapena kuigwira. Mwana wodzudzulidwa lero adzabisa bala mawa.

*Mphindi 10.* Sankhani nkhani imodzi, ndipo ana akuuzeni ziganizo zinayi kapena zisanu zoti mulembe pa bolodi m'mawu awo omwe. Werengani pamodzi, m'magulu, kenako mmodzimmodzi. Lembani mzere kunsi kwa aphatikiri ogwirizana ndi dzina la nyamayo.

*Mphindi 10.* Sewero: mmodzi akhale kagalu, awiri ana opita kusukulu, wina agogo kapena aphunzitsi. Ana asonyeze kuima, kuyang'ana ndi kuitana wamkulu. Bwerezani seweroli mwana atalumidwa, ndipo asonyeze kutsuka bala ndi kupita kuchipatala.

*Mphindi 5.* Mlatho wopita ku Chipwitikizi, pakamwa pokha: *cão, ferida, sabão, água, vacina*, ndi chiganizo chimodzi chimene mwana aliyense ayenera kuchidziwa, *O cão mordeu-me.*

*Mphindi 5.* Ana ajambule nyamayo ndi kulemba chiganizo chimodzi m'Chinyanja. Ntchito ya kunyumba ikhale kufunsa makolo ngati galu wa pakhomo anabayidwa katemera.

7. Zikhulupiriro za kwathu ndi makolo

Ana ena adzakuuzani kuti kadzidzi akalira padenga ndi malodza, kapena kuti nanzikambe ndi woyenera kuphedwa chifukwa, monga nthano imanenera, anachedwa ndi uthenga wa moyo mpaka buluzi anamupitirira ndi uthenga wa imfa. Mukaseka zimenezi, mwaseka agogo a mwanayo, ndipo adzasankha agogo ake osati inu. Lolani nthanoyo isimbidwe yonse, pakuti ndi chuma cha chinenero chathu. Kenako funsani kuti kadzidzi amadya chiyani usiku. Ana akatchula mbewa ndi makoswe, afunseni chimene makoswe amachita m'nkhokwe. Funsaninso ngati wina anaonapo nanzikambe akugwira ntchentche kapena chiwala. Ana adzafika okha pa mfundo yakuti nyama zimenezi zili ndi ntchito yake pakhomo.

Pa nkhani ya bala la galu, komabe, sitinyengerera. Ngati banja likufuna kuyamba ndi mankhwala a kumudzi, pitani nokha mukalankhule ndi makolo mwaulemu, mutatsagana ndi wazaumoyo wa m'mudzi, kapena mmodzi wa akuluakulu a Conselho de Escola. Mukhoza kunena kuti: "Amayi, bala ili likhoza kupola, koma matenda ake amabisala m'thupi miyezi ingapo. Tiyeni mwanayu akabayidwe lero." Mawu otere, onenedwa m'chinenero cha mayiyo, amamveka kuposa kalata ya Chipwitikizi yopatsira mwana.

Zochita

1. M'magulu a anthu anayi, lembani mayina a nyama 10 monga mmene amatchulidwira kwanu. Yerekezani mayina a ku Angónia, ku Lago ndi ku Milange. Mudzachita chiyani mwana akatchula dzina losiyana ndi la m'buku, monga *bilimankhwe* m'malo mwa *nanzikambe*?
2. Lembani mafunso atatu amene mphunzitsi wa m'nkhani ija akanafunsa m'Chinyanja kuti adziwe msanga za bala la mwanayo.
3. Konzani nkhani ya ziganizo zisanu ndi chimodzi yoyenera kalasi yoyamba, yokhala ndi mvekero ziwiri, yophunzitsa kuima, kuyang'ana ndi kuitana wamkulu.
4. Fufuzani kuti chipatala chapafupi ndi sukulu imene mukayesererako kuphunzitsa, chimene chimasunga katemera wa chiwewe, chili kuti ndipo n'kutali bwanji. Mukafotokozere anzanu pa msonkhano wa ZIP.

Mawu omaliza

Patapita milungu itatu tinabwereranso pa sukulu ija. Mphunzitsi wachinyamata uja anali atalemba pa pepala lalikulu nkhani ya kagaluko m'mawu a anyamata atatu aja, naipachika pakhoma, ndipo ana amene ankavutika kuwerenga ankaiwerenga mosadodoma chifukwa inali yawo. Pawindo panali chidutswa cha sopo chosungidwa m'kachitini. Kagaluko kanali kakutsimphinabe, koma kanapeza mwini, ndipo dzina lake linali litalembedwa kuti kadzabayidwe alangizi a ziweto akadzabwera.

Tsiku lina nyama idzafika pakhomo la kalasi yanu musanaikonzekere. Ikadzafika, imitsani phunziro, yang'anani manja a ana, ndipo muwafunse m'chinenero chawo kuti akusimbireni zonse kuyambira pachiyambi.